Dimba la Pasukulu ndi Phiri la Zomba

Pali chizolowezi china m'sukulu zathu zambiri chimene takhala nacho nthawi yaitali kotero kuti sitichionanso ngati cholakwa. Mwana akafika mochedwa, akasokosa m'kalasi kapena akaiwala ntchito imene anapatsidwa kukachita kunyumba, amapatsidwa khasu ndi kutumizidwa kudimba, anzake akupitiriza maphunziro. Mwana woteroyo amakula akudziwa kuti khasu ndi mbale wake wa mkwapulo. Tsono akadzatsiriza mayeso a Sitandade 8 kapena a Fomu 4, ntchito ya muofesi n'kusowa, monga imasowera kwa ambiri, ife tomwe timadabwa kumuona akungokhala pakhonde la sitolo, pamene dambo la makolo ake lamera bango. Tikufuna kulankhula ndi aphunzitsi ndiponso achinyamata osiya sukulu za nkhani imeneyi, ndipo tatenga Zomba kukhala chitsanzo, popeza m'dziko muno ndi malo ochepa amene amaonetsa poyera ngati Zomba kuti ulimi wa ndiwo zamasamba ndi zipatso ndi luso lofuna mutu wa munthu wophunzira.

Tiyambe ndi maonekedwe a dera lenilenilo. Nsonga yaitali ya phiri la Zomba, imene imatchedwa Malumbe, imapitirira mamita 2,000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Tawuni ili m'munsi mwake, pa mamita osafika 1,000, ndipo Nyanja ya Chilwa kum'mawa ili pa mamita opitirira pang'ono 600. Aphunzitsi a jogalafe amadziwa kuti munthu akakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Izi zikutanthauza kuti m'boma limodzi lomweli muli nyengo zitatu zosiyana. Kumwamba kuli chisanu ndi nkhungu, kumene masitiroberi ndi mapichesi amakondwa. Pakati, m'mphepete mwa phiri ndi m'tawuni, ndi kwa mapeyala, nthochi, magwafa, magalagadeya, kabichi ndi karoti. Kunsi kotentha, kulowera ku Chilwa, ndi kwa mango, mapapaya, therere, mabilinganya ndi mpunga. Munthu amene wakwerapo msewu wopita ku Ku Chawe waonapo anyamata ataimirira m'mbali mwa msewu ndi timbale ta masitiroberi, mabulosi ndi tizipatso tachikasu ta chitsamba chaminga chija chimene chafala paphiripo. Zipatso zimenezo sizipezeka pamsewu wa ku Kachulu, ndipo chifukwa chake chili m'buku la Fomu 2.

Phunziro loyamba la mlimi wa kuno ndilo limeneli, kudziwa kuti iye ali pati pa makwerero a phirili. Timamva chisoni poona munthu atagula mbande za mapichesi n'kukazibzala kuchigwa, nazithirira zaka zinayi, mitengo n'kungophuka masamba osabala. Pichesi amafuna kugona m'chisanu kwa milungu ingapo kuti adzatulutse maluwa bwino, ndipo palibe feteleza amene angalowe m'malo mwa chisanu chimenecho. Chimodzimodzinso matimati obzalidwa kumtunda m'dzinja kapena m'masiku a chiperoni, pamene masamba amakhala onyowa usana ndi usiku: chiwawu chimawagwira, ndipo munda wonse umada pa sabata imodzi.

Mbiri ya tawuniyi nayonso inayamba ndi dimba, ngakhale kuti si mbiri yokoma monse. John Buchanan, amene anaphunzira ntchito yosamalira minda ya maluwa ndi zipatso kwawo ku Scotland, anafika ku mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1876, ndipo patapita zaka zowerengeka anatumizidwa ku Zomba. M'chaka cha 1881 anachotsedwa ntchito ya mishoni pamodzi ndi anzake ena chifukwa cha nkhanza zimene anthu a kuno ankachitiridwa, natsala ku Zomba komweko akulima khofi, nzimbe ndi fodya m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Ndiye amene anamanga mu 1886 nyumba ya kazembe wa Britain, imene anthu anadzaidziwa ndi dzina lakuti Masongola. Harry Johnston atakhazikitsa boma la atsamunda mu 1891, anabwera ndi katswiri wa zomera, Alexander Whyte, amene anatsegula munda woyesera mbewu pafupi ndi nyumbayo. Mkungudza wa ku Mulanje uli ndi dzina la Whyte m'mabuku a sayansi mpaka lero. Munda wakewo udakalipo, ndipo ukusamalidwa ndi bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba.

Mayina a Azungu awiriwa ndiwo ali m'mabuku, koma amene anagwira makasu, kusenza manyowa ndi kukumba ngalande anali anthu a kuno. M'minda ya Azungu ya m'chigawo chino ndimo mawu akuti thangata, amene kale ankatanthauza kuthandizana pa ntchito ya kumunda, anasandulika dzina la ntchito yokakamiza imene munthu ankagwira polipira malo okhalapo. Agogo athu anali ndi chifukwa chomveka chofunira kuti ana awo aphunzire, adzagwire cholembera, athawe khasu la mwini esiteti. Koma thangata anatha, ndipo n'zomvetsa manyazi kuti sukulu, imene inayenera kuchotsa chitonzo chimenechi pa khasu, ndiyo ikuchisunga.

Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo Nyumba ya Malamulo inatsatira pambuyo pake. Ntchito zambiri za ukalaliki zinapita nawo. Komabe anthu odya ndiwo anatsala, ndipo achuluka: yunivesite, imene inasamukira kuno mu 1973 ili ndi dzina la Chancellor College, sukulu zogonera komweko, chipatala chachikulu, asilikali a ku Cobbe Barracks, mahotela ndi malo ogona alendo, osaiwala mzinda wa Blantyre umene uli pa mtunda wa makilomita osafika 70. Onsewa amafuna ndiwo tsiku ndi tsiku, chaka chonse. Chimene mkulu woyang'anira khitchini ya sukulu yogonera amafuna kwa mlimi ndicho kudalirika, kuti Lolemba lililonse mpiru ufike, wochuluka monga anapangana. Mlimi amene amafesa mbewu zake zonse tsiku limodzi sangathe kulonjeza zimenezi. Amakolola zonse pamodzi, mwezi womwewo umene anzake onse akukolola, nakapeza msika wa Zomba utadzaza matimati, mtengo uli pansi, madzulo n'kumagulitsa mulu waukulu pa mtengo wa mulu waung'ono kuti asabwerere nawo.

Mankhwala a vuto limeneli ndi masamu a ku pulayimale. Tengani bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali. Mukabzala kabichi m'mizere iwiri, motalikirana masentimita 60, mulowa mitu 32. Ngati wogula wanu afuna mitu 30 pa milungu iwiri iliyonse, ndiye kuti muyenera kuwokera bedi limodzi pa milungu iwiri iliyonse, ndipo popeza mbande za kabichi zimakhala pa nazale milungu inayi kapena isanu, muyenera kufesa pang'onopang'ono motsatana chomwecho. Mwana wa Sitandade 6 angathe kuwerengera zimenezi, ndipo akaziwerengera ataima pa bedi lenileni, tepi yoyezera ili m'manja, saziiwalanso. Tikupempha aphunzitsi kuti bedi lililonse la pasukulu likhale ndi kope lake, molembedwa tsiku lofesa, tsiku lowokera, ndalama zogulira mbewu, zidebe za madzi, zimene zakololedwa ndi zimene zagulitsidwa. Ndalamazo ziwerengedwe pamaso pa ana amene analima, ndipo adziwe kumene zapita. Dimba limene ana amalima koma ndiwo zake zimangothera kunyumba za aphunzitsi likuphunzitsa thangata yemwe uja.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo pa nazale ndi pamene mawuwa amaoneka kuti ndi oona. Musanafese mbewu imene mwasunga kapena mwagula kwa munthu wosamudziwa, tengani njere 20, muziike pa kansalu konyowa, muzisunge pamalo ofunda masiku asanu ndi awiri. Zikamera zosapitirira theka, musataye nazo nyengo. Dothi la nazale likhale lofewa, losakaniza ndi manyowa owola bwino, ndipo mbewu zifesedwe m'timizere, osati kumwaza, kuti udzu uzioneka msanga. Denga la udzu pamwamba pa nazale lichepetsedwe pang'onopang'ono, ndipo sabata yotsiriza madzi achepetsedwenso kuti mbande zikhwime. Kuwokera kuchitike madzulo. Tichenjezenso za mbewu za haibulidi: zimabala bwino chaka choyamba, koma njere zotengedwa m'zipatso zake sizibala mofanana ndi kholo lake, motero amene akuzifuna ayenera kugula zatsopano nyengo iliyonse ndi kuwerengera mtengowo m'kope lija.

Chinanso chimene mwana wa sukulu angathe kuuza kholo lake ndi chibale cha mbewu. Matimati, mbatata ya kachewere, mabilinganya ndi tsabola ndi banja limodzi, ndipo amapatsirana matenda kudzera m'dothi. Kabichi, mpiru, repu ndi tchayinizi nawonso ndi banja limodzi. Munthu amene wachotsa matimati n'kubzala mabilinganya pa bedi lomwelo amayesa kuti wasintha mbewu, pamene tizilombo totupitsa mizu tikuona chakudya chomwe chija. Pambuyo pa matimati pabwere anyezi kapena chimanga chachiwisi, pambuyo pa kabichi pabwere nyemba kapena nsawawa, zimene zimabwezera chonde m'nthaka. Za mankhwala ophera tizilombo tingonena mwachidule: pa botolo pamalembedwa muyeso wake ndiponso masiku oyenera kudikira musanakolole, ndipo m'mudzi munthu wodziwa kuwerenga Chingerezi cha pa botolopo ndi wosiya sukulu yemweyo. Kupopera lero ndi kugulitsa mawa ndi kudyetsa anzathu poizoni.

Pa mitengo ya zipatso tikhalitse pang'ono, chifukwa apa ndi pamene wachinyamata wopanda malo aakulu angathe kupeza ntchito yakeyake. Mango wobzalidwa kuchokera ku nthangala amatenga zaka zisanu ndi chimodzi kapena kupitirira asanabale, ndipo pa mitundu yambiri yamakono simudziwa kuti chipatso chake chidzakhala chotani. Mtengo womezanitsa umabala pa zaka zitatu kapena zinayi, ndipo chipatso chake chimafanana ndendende ndi cha mtengo umene kanthambi kanachokerako. Ntchito yake si yachinsinsi ayi. Mumafesa nthangala za mango achikuda m'machubu, popeza mizu yawo inazolowera nthaka ya kuno. Tsinde likafika kunenepa kwa pensulo mumalidula ndi kuling'amba pakati, ndipo mumatenga kanthambi kokhwima ka mtundu umene mukufuna, monga Kent, Keitt kapena Tommy Atkins, n'kukasongola mbali ziwiri, kukalowetsa mumng'alu muja, ndi kumanga zolimba ndi kapulasitiki kuti mpweya ndi madzi zisalowe. Chofunika ndi chakuti makungwa a ziwirizi akhudzane, ngakhale mbali imodzi yokha. Mpeni ukhale wakuthwa ndi waukhondo. Mwa mitengo khumi yoyamba yambiri idzauma, ndipo zimenezi zimachitikira aliyense; pofika pa mitengo zana dzanja limakhala litazolowera. Mapeyala amamezanitsidwa mwanjira yofananayo. Zipangizo zonse ndi mpeni, machubu, dothi, madzi ndi mthunzi, ndipo malo okwana chipinda chimodzi amasunga mbande mazanamazana.

Pobzala, dzenje likhale la masentimita 60 m'lifupi, m'litali ndi kuya kwake, dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa libwerere pansi, ndipo mfundo imene munamezanitsa ikhale pamwamba pa nthaka. Mphukira zonse zotuluka kunsi kwa mfundoyo zichotsedwe, apo ayi mtengo ubwerera ku mango achikuda. Amene ali ndi malo ndiponso mtima wodekha angathe kuganiziranso za makademiya, mtedza umene umalimidwa kwambiri ku Thyolo, koma adziwe kuti umafuna zaka zingapo usanabweze ndalama, motero pakati pa mitengoyo pazikhala nyemba ndi ndiwo zodyera lero.

Tisanyoze zakwathu. Ku malo ofufuzira zaulimi a Makoka, pafupi ndi Thondwe m'boma lomweli, akatswiri anayamba m'zaka za m'ma 1990 kuyesa kuweta mitengo ya zipatso zakutchire monga masuku, posankha mitengo yobala zipatso zikuluzikulu ndi zotsekemera ndi kuimezanitsa. Ngati anthu a madigiri anaona kuti masuku ndi oyenera kuwathera zaka, palibe chifukwa chakuti dimba la pasukulu lisakhale ndi bedi la bonongwe, luni, chisoso ndi nkhwani. Ndiwo zimenezi sizifuna mankhwala ambiri, mbewu zake mlimi amasunga yekha, zili ndi zofunika m'thupi zochuluka kuposa kabichi, ndipo zikachuluka amayi amazifutsa kudikira chilimwe. Anthu a m'tawuni amazifuna ndithu. Pitani kumsika m'mawa mukaone mulu umene umayamba kutha.

Za maluwa tinene mawu amodzi. Amene akufuna kugulitsa maluwa okongoletsa pakhomo aphunzire kuwachulukitsa kuchokera ku timitengo todula ndi ku njere, ndipo munda wa zomera wa m'tawuni uja ndi malo abwino okaonako mitundu ndi mayina ake. Kukakumba maluwa akutchire paphiri kuti mugulitse kwa alendo ndi malonda a nyengo imodzi, pakuti ambiri a iwo amafa akachoka pamalo pawo ndipo pamene achokapo sameranso msanga.

Koma zonse tanenazi zimadalira madzi, ndipo madzi a Zomba amachokera kuphiri. Mulunguzi, umene damu lake limapereka madzi akumwa ku tawuni, umatsika n'kukathira mu Likangala, ndipo Likangala ndi Domasi amakathirira minda ya mpunga asanalowe m'Nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi ndi yosazama, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, niphwanso kwambiri mu 2018. Mvula ikagwa pa phiri lokhala ndi mitengo ndi udzu, imalowa pansi ndi kumatuluka pang'onopang'ono m'akasupe mpaka mwezi wa Okutobala, pamene mlimi wa dimba amawafuna koposa. Ikagwa pa phiri lometedwa ndi nkhwangwa ndi moto, imathamanga tsiku lomwelo, itanyamula dothi ndi miyala. Amene anaona mvula ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 safuna kuuzidwa mphamvu ya madzi otsika m'mapiri a chigawo chino. Aliyense woyang'ana phiri la Zomba kuchokera m'tawuni angathe kuona mabala pamene panali mitengo, ndiponso utsi wa moto wolusa chaka ndi chaka m'chilimwe.

Sitikunamizira kuti wowotcha makala sadziwa zimenezi. Amadziwa, koma thumba la makala limamupatsa ndalama sabata ino. Mnyamata sangamve ulaliki wosamala mitengo pamimba pali njala. Adzayamba kumva tsiku limene adzakhale ndi mabedi ake a masitiroberi kapena nazale yake ya mapeyala imene ikumwa m'kamtsinje kamene kakuchepa, chifukwa tsiku limenelo wodula mitengo kumtunda adzakhala akumubera iyeyo. N'chifukwa chake tikuti ulimi wa m'dimba ndi kusamala phiri ndi nkhani imodzi. Koma mlimi wa dimba nayenso ali ndi mlandu wake. Kulima mpaka m'madzi, kuzula bango ndi kugwetsa mikuyu ya m'mphepete mwa mtsinje kumagumula gombe, ndipo mvula yoyamba imatenga dimba lenilenilo. Pasiyidwe mpata wa udzu ndi mitengo pakati pa bedi lotsiriza ndi madzi. Pamalo otsetsereka mabedi apingase chitunda, ndipo m'malire mubzalidwe vetiva. Mabedi aphimbiridwe ndi udzu wouma, umene umasunga chinyontho ndi kuchepetsa maulendo a kumtsinje. Pa masitiroberi udzuwo umathandizanso kuti zipatso zisagone pa dothi ndi kuola.

Tikudziwa zimene aphunzitsi anganene: makalasi ndi odzaza, zipangizo palibe, mbuzi za m'mudzi sizilemekeza mpanda, ndipo tchuthi chachikulu chimagwa m'chilimwe, pamene bedi losathiriridwa masiku anayi limauma. Zonsezi ndi zoona. Komabe phunziro la zaulimi lili kale pa ndandanda ya maphunziro ndipo limalembedwa pa mayeso, motero nthawi yake ilipo. Chimene chimachitika ndi chakuti limathera pa bolodi, ana akujambula kasinthasintha wa mbewu m'makope koma osauonapo pansi. Dimba laling'ono la mabedi asanu ndi limodzi losamalidwa bwino liposa ekala ya thengo. Mlangizi wa zaulimi wa m'deralo aitanidwe, ndiponso agogo aja a m'mudzi amene mapeyala awo amadziwika ndi aliyense; sadzakana kuonetsa ana m'mene amachitira. Ana olakwa apatsidwe chilango china, ndipo kulowa m'dimba kukhale kwa onse, mwana wa mphunzitsi wamkulu ndi woyamba m'kalasi omwe.

Za tchuthi, njira yake ndi kukonza kalendala moyang'ana kumapeto. Ndiwo zofulumira monga mpiru, repu ndi bonongwe zifesedwe mvula ikangoleka, mu Epulo, kuti zikololedwe sukulu isanatsekere. Mulu wa kompositi uwunjikidwe mu Meyi kapena Juni, pamene mapesi ndi masangwi zili mbwee, uthiridwe madzi, ufunditsidwe, ndipo udzakhala utapsa potsegulira sukulu. Nthangala za mango zifesedwe m'machubu mu Disembala ndi Januwale, mango akamapsa, popeza zikakhalitsa sizimera. Machubuwo ndi opepuka, ndipo potsekera mwana aliyense angathe kutenga awiri kapena atatu kukawathirira kwawo, dzina lake litalembedwa pambali, kuti adzabwere nawo pa tsiku lomezanitsa.